Mwalipira mtengo wonse, koma gemuyo ndi ya ndani? Kuyerekeza njira zogulira magemu

Pa 14 Disembala 2023, kampani ya Ubisoft inachotsa gemu ya mpikisano wa magalimoto yotchedwa The Crew m'masitolo onse a pa intaneti. Kumapeto kwa Malichi 2024 inazimitsa maseva a gemuyo, makompyuta a kampani amene gemu imalumikizana nawo pa intaneti, ndipo mu Epulo anthu amene anaigula pakompyuta anapeza kuti laisensi yawo yachotsedwa m'maakaunti awo, moti ngakhale kuidawuniloda sikunathekenso. Amene anali ndi disiki nawonso sanapulumuke. Disiki ili m'bokosi mwake, yosakalika n'komwe, koma ukaiika mu PlayStation gemu imafunafuna seva yoti kulibe, n'kuthera pomwepo. Gemu yomwe inatuluka mu 2014, anthu n'kuilipira mtengo wonse, inafera m'manja mwa eni ake tsiku limodzi.

Nkhaniyi inadzutsa anthu ambiri, koma imasokonezanso chifukwa inaphatikiza mavuto atatu osiyana. Musanasankhe kogula gemu ndi bwino kuwalekanitsa, popeza njira iliyonse yogulira imakutetezani ku vuto lina n'kukusiyani pambalambanda pa linzake.

Vuto loyamba ndi kuchotsedwa kwa gemu pamsika. Ili ndi lofala kwambiri, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi malaisensi. Kampani ikafuna kuika m'gemu magalimoto enieni, nyimbo za oimba odziwika, mayina a matimu a mpira kapena nkhope za osewera, imalipira eni zinthuzo kwa zaka zowerengeka. Zaka zija zikatha, imakhala pansi n'kuwerengera: kodi gemu yakaleyi ikubweretsabe ndalama zokwanira kulipiranso opanga magalimoto ambirimbiri ndi makampani a nyimbo? Yankho likakhala ayi, gemu imachoka pashelefu. Forza Horizon 4, ya mu 2018, inachotsedwa pa 15 Disembala 2024 pa chifukwa cha malaisensi ndi mapangano oterewa, monga zinachitikiranso Forza Horizon 3 mu 2020 ndi Forza Motorsport 7 mu 2021. Alan Wake inachotsedwa mu Meyi 2017 chifukwa cha nyimbo, n'kubwereranso pakompyuta mu Okutobala 2018 atagwirizananso. Mgwirizano wa EA ndi bungwe la FIFA utatha, magemu akale a FIFA anachoka m'masitolo a pa intaneti mu 2023, dzina n'kusanduka EA Sports FC. Pa vuto limeneli amene anagula kale nthawi zambiri sataya kanthu. Amene amavutika ndi wobwera mochedwa.

Vuto lachiwiri ndi kutsekedwa kwa sitolo yonse ya pa intaneti ya makina akale osewerera magemu. Lachitatu, lomwe ndi loopsa kuposa onse, ndi kuzimitsidwa kwa maseva amene gemu singayende popanda iwo. Tsopano tiyike njira iliyonse pasikelo ya mavuto amenewa.

Disiki ndi katiriji

Mphamvu ya disiki ndi yakuti ndi chinthu chogwirika. Mutha kuibwereketsa, kuigulitsa mukatopa nayo, kuisinthanitsa ndi ina, kapena kusiyira mng'ono wanu popanda kupempha chilolezo kwa aliyense. Laisensi ya nyimbo ikatha, palibe amene amabwera kudzafufuta nyimbozo pa disiki yanu. Gemu ikachotsedwa m'sitolo ya pa intaneti, madisiki ake amakhala akuyendabe m'manja mwa anthu, ndipo kwa wobwera mochedwa uja imakhala njira yokhayo yovomerezeka yoipezera, ngakhale mtengo wake umakonda kukwera nkhani ikangomveka.

Koma disiki ya masiku ano si yofanana ndi ya nthawi ya PlayStation 2, pamene gemu yonse inkakhala m'menemo. Disiki ya Call of Duty: Modern Warfare II ya mu 2022 inali ndi data yosafika 100 MB, zina zonse, magigabayiti ambirimbiri, unkayenera kuchita kudawuniloda. Nintendo Switch 2 itatuluka mu Juni 2025 inabwera ndi makatiriji ena otchedwa game-key card, omwe mkati mwake mulibe gemu koma kiyi yongokulolani kuidawuniloda. Katiriji yotere mutha kuigulitsa kapena kuibwereketsa, zomwe ndi zabwino, koma tsiku limene maseva odawunilodera adzazimitsidwe, wogula watsopano adzakhala ndi kapulasitiki chabe. Onjezeraninso kuti Xbox Series S ndi PlayStation 5 ya Digital Edition zilibe polowetsa disiki, ndipo PlayStation 5 Pro imagulitsidwa popanda chowerengera disiki, mumachita kugula padera. Pakompyuta ndiye madisiki anatha kalekale, bokosi likapezeka mumakhala kapepala ka kodi.

Pali njira yosavuta yodziwira ngati disiki yanu ndi gemu yeniyeni kapena kiyi. Musanagule, werengani timawu tating'ono kuseri kwa bokosi, pamene amalemba ngati gemu ikufuna intaneti kapena kudawuniloda. Mukafika nayo kunyumba, zulani waya wa intaneti kapena zimitsani Wi-Fi pa makina anu, kenako ikani disikiyo. Ikadziika yokha mpaka kumapeto n'kukulolani kuyamba kusewera gawo loyamba, muli ndi gemu. Ikaima pakati n'kulemba kuti lumikizani ku intaneti, dziwani kuti moyo wa gemuyo uli m'manja mwa wina. Kumbukiraninso kuti zowonjezera zogula padera, zimene amati DLC, sizikhala pa disiki pokhapokha mutagula mtundu umene anaphatikiza zonse, ndipo gemu ya pa disiki yopanda update, zokonza zimene kampani imatumiza pa intaneti, imakhala ndi zolakwika zonse za tsiku limene inatuluka.

Disiki imatha kukalika, makina owerengera amafa, ndipo pa vuto la maseva ilibe mphamvu ngakhale pang'ono, monga eni The Crew anaonera.

Masitolo a pa intaneti okhala ndi loko: Steam, PlayStation Store, Xbox, Nintendo eShop

Kuno ndi kumene anthu ambiri amagula, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Mitengo imatsika kwambiri pa nthawi ya sale, palibe chonyamula, ndipo magemu ang'onoang'ono ambiri satuluka pa disiki n'komwe. Steam imabwezanso ndalama ngati mwapempha pasanathe masiku 14 ndipo mwasewera osakwana maola awiri.

Chimene mumagula kumeneku si gemu koma laisensi yosewerera, yomangidwa ku akaunti yanu. Kale mawu amenewa ankabisala m'chikalata chachitali chija chimene aliyense amangodina kuti wavomera, koma kuyambira mu Okutobala 2024 Steam imawalemba poyera pamene mukupita kukalipira. Simungagulitse gemuyo, simungaipereke kwa mnzanu, ndipo malamulo a Steam salola kusamutsa akaunti kupita kwa munthu wina. Akaunti ikabedwa kapena kutsekedwa chifukwa cha mlandu wa malipiro, si gemu imodzi imene imapita, ndi laibulale yonse ya zaka zambiri. Chifukwa chake chitetezo choyamba cha magemu a mtundu uwu ndi pasiwedi yolimba ndi kutsimikizira kachiwiri kudzera pa foni.

Tiyenera kunena chilungamo: pa vuto la kuchotsedwa pamsika, masitolowa ali ndi mbiri yabwino. Amene anagula Forza Horizon 4 akuidawunilodabe ndi kuisewera. Amene anagula Spec Ops: The Line isanachotsedwe mu Januwale 2024 ali nayobe mu laibulale. Ngakhale masitolo ena atatsekedweratu, monga eShop ya Wii U ndi 3DS pa 27 Malichi 2023 ndi sitolo ya Xbox 360 pa 29 Julayi 2024, makampaniwo anasiya khomo lodawunilodanso zimene munthu anagula kale. Koma khomolo ndi lotsegula chifukwa kampani yafuna, osati chifukwa muli ndi mphamvu yolitsegula nokha. Sony inalengeza mu 2021 kuti itseka masitolo a PlayStation 3 ndi Vita, anthu atadandaula kwambiri inabweza ganizolo. Zinatha bwino, komabe zinasonyeza amene wagwira kiyi. Ndipo pali chitsanzo cha P.T., kagemu kaulere koonetsera ka Konami, komwe kanachotsedwa pa PlayStation Store mu Epulo 2015, kenako ngakhale amene anali nako kale analetsedwa kukadawunilodanso. Amene anakafufuta kuti apeze malo pa hard drive anakataya.

Pali kutaya kwina kwakachetechete kumene kumandipweteka ine kuposa kuchotsedwa pamsika, chifukwa kumafika m'gemu yomwe munagula kale. Mu Epulo 2018, Grand Theft Auto IV itakwanitsa zaka khumi, Rockstar inatulutsa update yochotsa nyimbo zingapo pa mawailesi a m'gemumo chifukwa malaisensi ake anatha, ndipo wailesi ya Vladivostok FM ndi imene inakhudzidwa kwambiri. Kwa munthu amene anayendetsa galimoto m'misewu ya Liberty City akumvera nyimbo zimenezo, nyimbozo zinali mbali ya gemu. Sitolo imene imakupatsani ma update okonza zolakwika ndi yomweyonso imatha kudula chidutswa cha zimene munalipira, ndipo pa Steam kuletseratu update si chinthu chapafupi.

Pakati pa masitolowa, ine ndimaona kuti a pakompyuta ali ndi mwayi umodzi waukulu: laibulale simangidwa ku m'badwo umodzi wa makina. Gemu imene munagula pa Steam zaka khumi ndi zisanu zapitazo mumaipeza pa kompyuta yanu yatsopano. Xbox yayesetsa pa mbali imeneyi polola magemu ambiri akale kuyenda pa makina atsopano, pomwe zimene munthu anagula pa Wii U zinatsalira pa Wii U. Chenjerani kokha ndi magemu a pa Steam amene amafunanso akaunti yachiwiri ya kampani yowapanga, kapena ali ndi loko yowonjezera ngati Denuvo yomwe imafuna kutsimikizira pa intaneti nthawi ndi nthawi. Pamenepo maloko amakhala awiri, ndipo iliyonse ikhoza kukana kutseguka.

GOG ndi masitolo opanda loko

GOG inayambitsidwa mu 2008 ndi kampani ya CD Projekt ya ku Poland, ndipo mfundo yake ndi kugulitsa magemu opanda DRM, kutanthauza opanda loko yofuna kutsimikizira kuti ndinu mwini. Mwalamulo, nakonso mumagula laisensi. Kusiyana kuli pa chimene chimatsala m'manja mwanu. Mukagula gemu, mumalowa mu akaunti n'kudawuniloda mafayilo oikira gemuyo: fayilo imodzi yoyambitsira, ndipo gemu ikakhala yaikulu pamakhalanso mafayilo ena angapo a magigabayiti pafupifupi anayi iliyonse. Mumawaika onse mu foda imodzi, kulemba dzina la gemu, n'kuikopera pa hard drive yakunja. Kuyambira pamenepo gemuyo mutha kuiika pa kompyuta iliyonse yanu, popanda intaneti, popanda kulowa mu akaunti, popanda pulogalamu ya GOG. Sitolo itatsekedwa mawa, foda ija ikadalipo. Update yochotsa nyimbo itatuluka, fayilo yanu yakale siisintha.

Magemu amachotsedwanso pamsika ku GOG, chifukwa malaisensi sasankha sitolo. Warcraft yoyamba ndi yachiwiri zinachotsedwa mu Disembala 2024 popempha kampani ya Blizzard, mwini magemuwo, koma GOG inalonjeza kupitiriza kuzikonza kuti ziziyendabe pa makompyuta atsopano kwa amene anagula kale, pansi pa pulogalamu yake yosunga magemu akale yomwe inayamba mu Novembala chaka chomwecho. Magemu ambiri a pa itch.io nawonso amagulitsidwa opanda loko.

Pa magemu osewera wekha amene mumawakonda kwambiri, iyi ndi njira imene ndimaiika patsogolo. Malire ake ndi awiri. Choyamba, magemu akuluakulu ambiri atsopano sapezeka kumeneko, kapena amafika patapita zaka, ndipo magemu a mpira ndi ena odzaza malaisensi simungawayembekezere. Ndi ya pakompyuta yokha. Chachiwiri, udindo wonse wosunga umagwera inu. Munthu amene amagula ku GOG koma osadawuniloda mafayilo aja sasiyana ndi wogula ku Steam. Ndipo hard drive imodzi si malo osungira odalirika, imafa osatsanzika, choncho magemu amene simukufuna kuwataya akhale pa madiraivu awiri.

Kulipira mwezi ndi mwezi

Xbox Game Pass, yomwe inayamba mu 2017, ndi PlayStation Plus zili ngati nyumba ya lendi: mukulipira mukhalamo, mukasiya mutuluka, ndipo mwini nyumba amasintha mipando pamene wafunira. Magemu amalowa ndi kutuluka mwezi uliwonse. Chimene ndimayamikira pa njira imeneyi n'chakuti siinamiza munthu. Palibe amene amakuuzani kuti mwagula. Ndi yabwino kwa amene amamaliza gemu kamodzi n'kupita kwina, ndiponso poyesa gemu musanaganize zoigula. Si yabwino kwa amene amasewera gemu imodzi yaitali pang'onopang'ono, chifukwa ikhoza kuchoka muli pakati pa nkhani, ngakhale kuti zimene munasunga sizifufutika ndipo mukaigula mumapitiriza pamene munalekezera.

Kusewera kudzera pa maseva akutali, gemu osakhala pa makina anu n'komwe, ndiko kumapeto kwa njira imeneyi. Google inatseka Stadia pa 18 Januwale 2023. Inabweza ndalama za magemu amene anthu anagula, zomwe n'zoyamikirika, koma panalibe fayilo iliyonse yotsala m'manja mwa wosewera.

Magemu amene moyo wake uli pa seva

Apa funso la kogula limatha mphamvu. Disiki, Steam, PlayStation Store, zonse n'chimodzimodzi, chifukwa theka la gemu lili pa kompyuta ya kampani. Concord ya Sony inatuluka pa 23 Ogasiti 2024 n'kuzimitsidwa pa 6 Sepitembala, patangotha milungu iwiri. Ogula anabwezeredwa ndalama poti inafa msanga. Gemu ikafa patatha zaka zisanu kapena khumi, kubwezeredwa sikuchitika kawirikawiri, ndipo zovala, magalimoto ndi makhadi a osewera amene munagula m'gemumo amapita nayo limodzi. Magemu a pafoni ndiwo amafa motere kwambiri. Apex Legends Mobile inazimitsidwa pa 1 Meyi 2023, isanakwanitse n'komwe chaka chathunthu ili padziko lonse.

Gemu yopikisana ndi anthu ena pa intaneti kufuna seva n'zomveka. Chosamveka ndi gemu yomwe munthu angathe kusewera yekha kumangidwa ku seva. Ndipo pali umboni woti kampani ikafuna imatha kutseka bwino. Maseva a Gran Turismo Sport atatsala pang'ono kuzimitsidwa mu Januwale 2024, opanga anatulutsa update yolola kusunga zimene wasewera popanda intaneti. Opanga Knockout City, potseka gemu yawo mu 2023, anatulutsa mtundu wa pakompyuta woti osewera aziyendetsa maseva awoawo. Ubisoft yomwe, mkwiyo wa anthu utakula, inalonjeza kuika njira yosewerera popanda intaneti mu The Crew 2 ndi The Crew Motorfest, ndipo ya The Crew 2 inatuluka mu 2025. Choncho musanagule gemu iliyonse, funso loposa la mtengo ndi ili: kodi imayamba popanda intaneti? Ngati siyamba, ilipireni monga mulipirira chinthu cha nyengo yochepa, ndipo muchepetse ndalama zogulira zinthu za m'kati mwake.

Ena amati njira yachidule ndi kungodawuniloda magemu obedwa. N'kuphwanya malamulo a umwini wa ntchito za luso, ndipo mafayilo otere amabwera ndi mavairasi kawirikawiri, choncho sindingakulangizeni zimenezo. Koma chimene chimakankhira anthu kumeneko ndi chenicheni. Kafukufuku wa bungwe la Video Game History Foundation wa mu 2023 anapeza kuti 87 mwa magemu 100 alionse amene anatuluka ku United States chisanafike chaka cha 2010 sapezekanso pamsika. Munthu wofuna kulipira akusowa wolandira ndalama.

Zimene malamulo achita

Boma la California linakhazikitsa lamulo la AB 2426, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2025. Limaletsa sitolo kugwiritsa ntchito mawu oti "gulani" pa katundu wa digito popanda kufotokoza momveka kuti ndi laisensi, kupatula ngati wogula angathe kudawuniloda chinthucho n'kukhala nacho mpaka kale popanda intaneti. Lamuloli limakakamiza kunena zoona, koma silipulumutsa gemu ku imfa. Amene akulimbana ndi imfayo ndi kampeni ya Stop Killing Games, yomwe Ross Scott, wopanga mavidiyo a pa YouTube, anayambitsa mu Epulo 2024 chifukwa cha The Crew. Pempho lake ku European Union linadutsa masiginecha 1 miliyoni mu Julayi 2025. Sakupempha kuti makampani aziyendetsa maseva mpaka kalekale, akupempha kuti potseka azisiya gemu ili yoseweredwa. Pempho lotere limakakamiza akuluakulu a European Commission kuliunika ndi kuyankha, koma palokha si lamulo, choncho pogula lero musadalire chitetezo chimenecho.

Magemu oyenera kuwathamangira

Si gemu iliyonse imene ili pangozi yofanana. Imene zonse za m'kati mwake ndi za kampani yoipanga ikhoza kukhala pamsika zaka makumi awiri. Zoyenera kuziyang'anitsitsa ndi za magalimoto enieni, za mpira ndi masewera ena okhala ndi matimu enieni, zodzaza nyimbo zotchuka, ndi zochokera ku mafilimu kapena ngwazi za m'makomiki. Project CARS yoyamba ndi yachiwiri zinachoka mu 2022 chifukwa cha malaisensi a magalimoto ndi mabwalo a mpikisano, Marvel's Avengers inachoka mu Sepitembala 2023. Ngati gemu ya mtundu uwu yakwanitsa zaka zinayi kapena zisanu ndipo mwakhala mukunena kuti mudzaigula tsiku lina, tsikulo lisatalike. Nthawi zina makampani amachenjeza n'kutsitsa mtengo, monga kampani ya Remedy inatsitsira gemu yake ya Alan Wake ndi 90 peresenti masiku omaliza. Nthawi zina chakudza sichiimba ng'oma: Spec Ops: The Line inangosowa pa Steam popanda chenjezo.

Chilengezo chikatuluka, musangoyang'ana tsiku lochotsa gemu yaikulu, yang'anani kaye za DLC. Pa Forza Horizon 4, chilengezo chinatuluka pa 25 Juni 2024 ndipo zowonjezera zogula padera zinayamba kuchotsedwa tsiku lomwelo, miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi gemu yeniyeniyo isanachoke. Amene anali ndi gemu yoyambirira yokha n'kumadikira Disembala anapeza kuti njira yotsala yopezera zowonjezerazo inali kugula mtundu wophatikiza wa gemu yomwe anali nayo kale.